Kuletsa shuga kukwera kwambiri mukatha kudya

Odwala shuga ambiri amayezedwa m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, pa tsiku lawo la kiliniki. Nambala ikatuluka 6 kapena 7 amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma munthu yemweyo akadya mitanda itatu ya nsima masana n'kutsitsira kapu ya thobwa, shuga wake amatha kufika 14 kapena 16, n'kukhala pamwamba pomwepo maola atatu kapena anayi popanda womuona. Madzulo zimabwerezanso. Kukwera kwa tsiku ndi tsikuku n'kumene kumaononga pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, impso ndi mapazi, pamene buku la kuchipatala likuonetsa manambala okongola.

Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi sizitsekemera kwenikweni pakamwa, koma zikagayidwa m'matumbo zimasanduka shuga. Munthu akakhala wopanda matendawa, kapamba wake amatulutsa insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi, mwamsanga chakudya chikangolowa, ndipo shuga sapita patali. Mwa wodwala shuga wa mtundu wachiwiri, umene uli ndi akuluakulu ambiri, insulin amatuluka mochedwa ndiponso thupi silimumvera bwino. Mwa wa mtundu woyamba kapamba satulutsa n'komwe, amadalira jakisoni. Ndiye chifukwa chake shuga amathamanga n'kufika pachimake pakatha ola limodzi kapena awiri chiyambireni kudya.

Yezani kawiri pa chakudya chimodzi

Sankhani chakudya chimene mumadya kwambiri, kaya nsima yamasana kapena yamadzulo. Yezani musanateme mbamu yoyamba, muone nthawi pa foni. Yezaninso pakatha maola awiri kuwerengera pamene munayamba kudya, osati pamene munasamba m'manja pomaliza.

Kwa akuluakulu ambiri, musanadye nambala iyenera kukhala pakati pa 4.4 ndi 7.2, ndipo pakatha maola awiri isafike 10. Makina ena oyezera shuga amaonetsa manambala aang'ono okhala ndi kadontho ngati amenewa, a mmol/L. Ena amaonetsa akuluakulu a mg/dL, ndipo pamenepo malire ake ndi 80 mpaka 130 musanadye, pansi pa 180 mutadya. Kusiyana kwake n'kungochulukitsa ndi 18: 8.5 pa makina awa ndi 153 pa makina awo. Dziwani mtundu wa makina anu, chifukwa 90 pa makina amodzi ndi nambala yabwino pamene pa ena kulibe nambala yotero. Amayi oyembekezera malire awo ndi otsika, pansi pa 7.8 pakatha ola limodzi ndi pansi pa 6.7 pakatha awiri. Okalamba kwambiri ndi amene shuga amawatsikira pafupipafupi, achipatala amawakwezera malire mwadala.

Tsono yerekezani manambala awiriwo. Ngati munayamba ndi 6.5 n'kumaliza ndi 12, chakudyacho chakulemerani, ndipo zokonza zili pa mbale. Kukwera koposa 3, kapena 50 pa makina ena aja, n'chizindikiro chimenecho. Koma ngati munayamba kale ndi 11 n'kumaliza ndi 13, nsimayo ilibe mlandu waukulu. Vuto lili pa mankhwala amene akulephera kugwira shuga tsiku lonse, ndipo imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Timapepala toyezera n'todula, tikudziwa. Musatimalize poyeza m'mawa uliwonse nambala yomweyomweyo. Kuli bwino kuyeza kawiri chonchi masiku awiri kapena atatu pa sabata, lero pa nsima yamasana, mkucha pa chakudya cham'mawa. Lembani m'kope tsiku, zimene munadya, mitanda ingati, ndi manambala onse awiri.

Makina amanama akapatsidwa magazi oipa. Sambani m'manja ndi sopo, muumitse bwino. Chala chimene chasenda mango kapena kugwira nzimbe chimaonetsa nambala yoopsa ngakhale shuga wam'thupi ali bwinobwino. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, musafinye mwamphamvu. Timapepala tizikhala m'kabotolo kake kotseka, kutali ndi zenera ndi denga la malata. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno ku Mangochi kumationonga tisanafike tsiku lake lotha ntchito. Amene mulibe makina, pemphani kuchipatala kuti tsiku lina akuyezeni mutadya, muwauze nthawi imene munayamba kudya.

Mtanda wa nsima

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Palibe tsamba, muzu kapena ufa wamtundu wina umene ungachite zimene kuchepetsa mtanda kumachita. Muyeso woyambira ndi mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu, kapena kapu imodzi ya tiyi ya mpunga wophika. Chakudya chokhutitsa chikhale chimodzi pa nthawi: mukadya nsima musatsatizenso chinangwa kapena chimanga chootcha.

Munthu wozolowera mitanda itatu asadumphire pa umodzi tsiku limodzi, chifukwa njala idzamubwezera komwe anachoka. Tsikirani pa iwiri kwa sabata, muyeze, kenako umodzi ndi theka. Asodzi, akabaza ndi olima m'munda tsiku lonse amafunikadi chakudya chochulukirapo, koma achigawe panayi m'malo mochiunjika pa mgonero umodzi. Ndipo amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide, uzani achipatala kuti mukuchepetsa nsima, chifukwa mlingo wa mankhwala unayezedwa pa mitanda itatu ija, ndipo shuga angatsike mopitirira.

Khalani ndi mbale yanuyanu. Podyera mbale imodzi ndi abale, palibe amene amadziwa kuti wadya zochuluka bwanji. Amayi ophika aomole mtanda wa wodwalayo padera ndi chipande chomwecho tsiku lililonse, kuti muyeso usamasinthesinthe.

Malo amene nsima yasiya alowemo ndiwo. Kadyedwe kathu kazolowera phiri la nsima ndi kambale ka usipa wa msuzi wambiri, ndiye muyenera kukatembenuza. Theka la chakudya chonse likhale masamba: nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso, kholowa, chigwada, therere. M'chilimwe masamba akasowa kapena kudula, mfutso umagwira ntchito yomweyo, choncho futsani wambiri nthawi ya dzinja. Gawo lotsala likhale nsomba, dzira, nyama kapena nyemba. Pa nsomba pokha tili ndi mwayi: usipa, utaka, kambuzi wa ku Malombe, mlamba, chambo, zonsezi sizikweza shuga. Nandolo, khobwe ndi nyemba zimakweza pang'ono koma mosathamanga, ndipo zimakhalitsa m'mimba. Masamba otendera ndi abwino, nsinjiro zimachedwetsa kugaya.

Za mgaiwa tinene mosabisa. Ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, ndipo umakhutitsa msanga. Koma ndi chimanga ndithu. Anthu ambiri akauzidwa kuti adye mgaiwa amamva ngati apatsidwa chilolezo, n'kumadya mitanda inayi, shuga n'kukwera chimodzimodzi. Kondowole ndi chinangwa ndiye zilibe gaga woti n'kuchedwetsa kanthu, zimafuna muyeso wochepa kwambiri. Wokuuzani zoona ndi kamakina kanu: yezani kawiri pa mgaiwa lero, pa woyera mawa, mitanda yofanana, muone nokha.

Yambani ndi ndiwo

Kwathu kuno munthu wodya ndiwo zokha amatchedwa wankhuli, koma wodwala shuga alole kunenedwa. Idyani masamba ndi nsomba kaye kwa mphindi zisanu kapena khumi, nsima ibwere pambuyo. Masamba akatsogola, chakudya chimachoka m'chifu pang'onopang'ono, shuga amalowa m'magazi mosathamanga, ndipo insulin wochedwa uja amapeza mpata womupeza. Chakudya chomwecho, muyeso womwewo, nambala ya maola awiri imatsikako. Musadyenso mothamanga ngati basi ikukusiyani.

Cham'mawa ndi zakumwa

M'mawa thupi limakana insulin kwambiri kuposa nthawi zina, ndipo m'mawa momwemo ndi pamene timadya zoipitsitsa: tiyi wa masipuni atatu a shuga, mandasi awiri kapena sikono. Ambiri akayeza amapeza kuti nambala yawo yaikulu tsiku lonse ndi ya cha m'ma 9 koloko. Imwani tiyi wopanda shuga. Shuga wabulauni ndi uchi musanamizidwe nazo, zimakweza mofanana. Pambali pake dzira lowiritsa, mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, ndi kambatata kamodzi kowiritsa kapena kagawo kamodzi ka buledi. Phala limagayika msanga chifukwa ndi lamadzi, ndiye likhale kapu imodzi, lotendera, lopanda shuga.

Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo amalowa m'magazi mwa mphindi zochepa. Fanta, Sobo, maheu ndi juwisi wa malambe kapena bwemba wogulitsidwa wozizira pa msika zili gulu lomwelo. Malambe enieni alibe vuto lalikulu, vuto ndi shuga amene amathiramo kuti aphe kuwawasa. Thobwa limapusitsa ambiri. Ngakhale musathiremo shuga, ntchito ya chimera ndi kusandutsa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake limatsekemera lokha. Ludzu la kuno liphedwe ndi madzi.

Nyengo ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, manambala a odwala ambiri amasokonekera. Simukuletsedwa mango, koma kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Kamango kamodzi kakang'ono, kapena theka la boloma, pakati pa chakudya ndi chakudya, osati pamwamba pa nsima. Nthochi imodzi yaing'ono, chimodzimodzi. Nzimbe isiyeni.

Pa ukwati, pa sadaka kapena pa chinkhoswe, pamene mpunga umabwera wodzaza mbale ndi botolo pambali, gawani mpungawo musanayambe, botolo mupatse mwana wa eni ake.

Nyamukani mukatha kudya

Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi popanda kudikira insulin wambiri. Choncho pasanathe theka la ola mutadya, yendani mphindi 10 mpaka 15. Si kuthamanga ayi, kuyenda kondawala pang'ono koti n'kumachezabe ndi mnzanu. Kuyenda pang'ono katatu pa tsiku mukatha kudya kumathandiza nambala ya maola awiri kuposa ulendo umodzi wautali wam'mamawa. Choipa kwambiri ndi chimene thupi limafuna: kuyala mkeka pakhonde n'kugona nsima ili pakhosi.

Dzuwa la masana la ku Mangochi si loyendamo, ndiye zungulirani pamthunzi, sesani pabwalo, tsukani mbale muli chiimire. Madzulo, kuyenda wapansi kupita ku mzikiti kapena ku mapemphero kumawerengedwa. Amene mawondo amavuta, imirirani ndi kukhala pa mpando kakhumi, mupume, mubwerezenso kangapo.

Valani nsapato, ngakhale m'mbali mwa nyanja. Shuga akakhalitsa mapazi amachita dzanzi, ndipo munthu amatha kupsa ndi mchenga wotentha kapena kubayidwa ndi munga wa nsomba osamva, n'kudzazindikira chilonda chitanyeka. Onani kuphazi ndi pakati pa zala madzulo aliwonse.

Mankhwala ndi nthawi yake

Metformin amwedwe pamodzi ndi chakudya kapena mukangomaliza. Amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, ndipo payekha satsitsa shuga mopitirira. Akamwedwa m'mimba mopanda kanthu amachititsa nseru ndi kutsegula m'mimba, ambiri n'kumusiya chifukwa cha zimenezo.

Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin. Imwani patatsala mphindi ngati 30 kuti mudye, ndipo mukamwa mudye ndithu. Kumwa piritsili kenako n'kukakhala pa mzere kapena kulowa m'nyanja osadya n'koopsa, makamaka kwa okalamba ndi a vuto la impso, chifukwa limagwira ntchito maola ambiri.

Insulin woyera mbee ngati madzi, monga Actrapid, amayamba kugwira pakatha theka la ola, mphamvu yake n'kufika pachimake patatha maola awiri mpaka anayi. Bayani mphindi 30 musanadye. Mukabaya nsima ili kale pa mbale, shuga amatsogola n'kukwera, insulin n'kubwera pambuyo chakudya chitatha, ndiye mumapeza 14 pa maola awiri kenako kunjenjemera pa maola anayi. Wodwala woteroyo safunika mlingo wochuluka, afunika kubaya msanga. Wosakaniza, wooneka ngati mkaka, monga Mixtard, nayenso ndi wa mphindi 30 musanadye, koma muyambe mwagubuduza botolo pakati pa zikhatho kakhumi kuti asakanikirane. Pamimba insulin amalowa msanga kuposa pantchafu. Sinthasinthani pobaya, chifukwa malo obayidwa kawirikawiri amatupa n'kulimba, ndipo insulin wobayidwa pachotupapo amalowa mosadziwika bwino, lero msanga mawa mochedwa.

Insulin amafa ndi kutentha ngakhale maonekedwe asasinthe. Musunge mu firiji koma osati mozizira mpaka kuundana. Kopanda magetsi, ikani botolo m'kachitini kotseka, mukwirire mu mchenga wonyowa mumtsuko wadothi pamthunzi, muzithirira madzi. Botolo lotsegula ligwiritsidwe ntchito pafupifupi mwezi umodzi. Woyera uja akachita mbuu, kapena wamkaka akachita timibulu tosasungunuka, mutayeni.

Musadzionjezere mlingo nokha chifukwa cha nambala imodzi. Tengani kope lija ku kiliniki. Ndi manambala awiriawiri aja, adokotala amaona ngati pofunika kusintha ndi mlingo, nthawi kapena mtundu wa mankhwala. Kumene kuli kotheka pemphaninso kuyezedwa HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo. Kwa ambiri cholinga ndi 7 peresenti kutsika m'munsi, ndipo ikakhala pamwamba pamene nambala zam'mawa zili bwino, dziwani kuti wakuba ndi shuga wa mukatha kudya.

Nambala ikakana kutsika

Mwachepetsa mtanda, mukuyenda, mankhwala mukumwa, koma nambala ili pamwamba. Funani matenda ena kaye. Malungo, chilonda, dzino lotupa ndi matenda a m'chikhodzodzo zimakweza shuga ngakhale munthu asadye. Mapiritsi a prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amagula okha chifukwa cha nyamakazi kapena mphumu, amakweza kwambiri shuga wa masana ndi madzulo. Kusagona, monga kwa asodzi ochezera pa nyanja, nakonso kumaonjezera. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, koma iye kapena nimu asalowe m'malo mwa mankhwala.

Nambala ikaposa 16.7, kapena 300, kawiri motsatizana, kapena makina akalemba HI, musayese kuitsitsa poyenda. Imwani madzi, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Pakakhala kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama, kusinza kapena kubalalika mutu, nyamukani nthawi yomweyo ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ku boma, ku Monkey Bay, ku Malindi, ku Namwera kapena ku Makanjira.

Akatsika mopitirira

Pansi pa 3.9, kapena 70, shuga watsika. Munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, mtima umagunda, njala imabwera mwadzidzidzi, ena amangokwiya kapena kulankhula zosamveka ngati aledzera. Sungunulani masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'theka la kapu ya madzi, kapena imwani theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15, muyezenso, mubwereze ngati akadali pansi. Akakwera, idyani kanthu kolimba. Musamalize botolo lonse ndi mandasi atatu chifukwa cha mantha, mungachoke pa 3 n'kukafika pa 18. Wakomoka asamwetsedwe kanthu: mugonekeni chammbali, mupake shuga mkati mwa tsaya, muthamangire naye kuchipatala. Mowa, kaya kachasu kapena masese, umatsitsa shuga usiku munthu ali mtulo, makamaka akamwa osadya.

Mwezi wa Ramadan

Ofuna kusala apite ku kiliniki masabata 6 mpaka 8 mwezi usanaoneke, chifukwa nthawi ndi milingo ya mankhwala zimasintha. A shuga wa mtundu woyamba, amayi oyembekezera, a vuto la impso ndi amene anakomokapo ndi shuga posachedwa ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo akambirane ndi adokotala komanso a shehe za chilolezo chimene odwala ali nacho. Kuyeza magazi pachala sikuononga swaumu, kusala kuja. Nambala ikatsika pansi pa 3.9 kapena kukwera kuposa 16.7, masulani pomwepo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

Kukwera kwakukulu kumabwera pomasula, pamene phala, zitumbuwa, Sobo ndi mpunga zimalowa motsatizana m'mimba yomwe yakhala yopanda kanthu tsiku lonse. Yambani ndi madzi ndi chipatso cha tende chimodzi kapena ziwiri, mukaswali, kenako mudye monga mwa masiku onse: ndiwo patsogolo, mtanda umodzi kapena kapu ya mpunga. Dakwi, chakudya cha usiku musanayambe kusala, musaiphonye ndipo muichedwetse kufupi ndi m'bandakucha, ikhale ya nyemba, dzira kapena nsomba ndi madzi okwanira. Swala ya usiku ya tarawehi imagwira ntchito ya kuyenda kuja, ndiye amene amabaya insulin atenge shuga m'thumba popita ku mzikiti, ndipo ayeze pakatha maola awiri chiyambireni kudya, ngakhale nthawiyo iwapeze ali pakhomo pa mzikiti.